Ndiwerenge chiyani, ndimvere chiyani, kuti Chichewa changa chisiye kununkha Chingerezi?

Nabanda wa ku 25: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi pempho, musandiseke. Miyezi itatu tsopano ndikulimbana ndi kankhani kakafupi ka m'Chichewa. Ndimalemba usiku ndikaweruka kuntchito, ana akagona. Dzulo ndinawawerengera amayi anga ndime yoyamba, iwo n'kundiyang'ana, amvekere, "Iwe, zimenezi wamasulira kuchokera m'buku lanji?" Chonsecho sindinamasulire paliponse, zinachokera m'mutu mwangamu. Zandisowetsa tulo ndithu. Ndiye ndati safunsa anadya phula. Inu amene mumalemba, kapena mumangokonda kuwerenga, mumawerenga chiyani? Mumamvera chiyani? Nzeru zolembera mumazitola kuti? Ndikufuna zimene zinakuthandizani inuyo, osati mndandanda wa pa Google.

Wa pa Ndirande: Achemwali, amayi anu ndi oopsa kkkk. Koma musadandaule, matenda amenewo tili nawo ambiri.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, sing'anga sapereka mankhwala asanaone bala. Tatiikirani pano chiganizo chimodzi cha m'ndime imeneyo.

Nabanda wa ku 25: Manyazi bwanji. Chabwino, nachi: "Pamapeto pa tsiku, mtima wa Nasimelo unasweka m'zidutswa pamene anazindikira kuti ukwati sutenganso malo."

Wa ku Joni: Ukwati sutenga malo? Malo ake ati, a kudimba? kkkkk

Woyang'anira Gulu: Achimwene a ku Joni, munthu wanena kale kuti tisamuseke.

Wa ku Joni: Pepani achemwali, ndi nthabwala chabe. Ine ndemwe Chichewa changa chinasakanikirana ndi Chizulu kalekale.

Aphunzitsi Opuma: Amayi anu sanalakwe. Mawu onse ndi a Chichewa, koma mafupa ake ndi a kwina. Kwathu kuno mtima susweka ngati mbale yadothi. Umawawa, umanyamuka, umagunda, umakhala pansi, umakhala m'malere. Ndipo munthu akamva uthenga woipa, wofotokoza nkhani wa kumudzi sathamangira kukuuzani za mumtima. Amakuonetsani chimene thupi lachita. Agogo anu akananena chonchi: "Nasimelo atamva kuti ukwati walephereka, anangoti kakasi pamtondo paja, musi uli m'manja, nkhuku n'kumadya mphale iye ali phee." Mwaona? Palibe pamene ndatchula chisoni, koma aliyense wachimva, chifukwa mkazi wamoyo salekerera nkhuku pa mphale.

Za mabuku, yambani ndi John Gwengwe. Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. Muwerenge mokweza, osati chamumtima, kuti khutu lanu limve mmene ziganizo zake zimapumira. Kenako E.J. Chadza, Kokha Mcheperawakalulu ndi Ntchito za Pakamwa. Mukatero mubwerere m'mbuyo kwenikweni kwa Samuel Josia Ntara. Buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933, ndipo linapambana mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa, mpaka T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Taganizani, 1933! Mphunzitsi wa ku Nkhoma analemba moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumanda, m'chilankhulo chake, anthu a kunja n'kuchita kupempha kuti awamasulire. Lero ife tikuchita zotembenuza, kuganiza m'Chingerezi n'kumadzimasulira tokha.

Nabanda wa ku 25: Aphunzitsi, za nkhuku zija zandipweteka mokoma. Ndalemba kale m'kope. Sikusinja ndi Gwenembe ndinangomva dzina kwa amalume, sindinaligwirepo.

Mayi a Tadala: Ine Sikusinja ndinawerenga ndili kamtsikana, ndipo kambalame kaja kanandilowa m'maloto sabata yathunthu. Koma mukasiya a Willie Zingani mwalakwa, aphunzitsi. Njala Bwana, Madzi Akatayika. Ndi a Jolly Max Ntaba, Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta. A Whyghtone Kamthunzi, Wachitatu Nkapasule. Amenewa ndi amene tinkabisa m'kati mwa buku la masamu nthawi ya sitade. Buku limodzi linkazungulira hositelo yonse mpaka chikuto kuthothoka, masamba omaliza kusowa, n'kumachita kufunsa mnzako kuti kodi zinatha bwanji.

Mlakatuli Wosatchuka: Mayi a Tadala mwanditsegula maso pa chinthu china. Taonani mitu mwatchulayo. Madzi Akatayika. Ikakuona Litsiro Sikata. Ndi miyambi yodulidwa pakati. Wolemba wanena theka, iwe wowerenga umamaliza wekha kuti saoleka, kapena umadziwa wekha kuti ikunenedwayo ndi mvula. Usanatsegule n'komwe bukulo, wayamba kale kugwira ntchito limodzi ndi mlembi. Ndi mmene timayankhulira kumudzi. Mkulu amangoti "pakadafunda..." n'kusiya pomwepo, aliyense wamva. Achemwali a Nabanda, chimenecho chokha ndi phunziro: osamaliza chilichonse, wowerenga wa Chichewa amakonda kusiyiridwa fupa loti akukute.

Wa ku Joni: Zonsezi n'zabwino, koma mabuku amenewa akupezeka kuti? Chaka chatha nditabwera kumudzi pa Khirisimasi ndinalowa m'sitolo ina ya mabuku m'tauni, ndikufuna ndigule atatu kapena anayi ndipite nawo ku Johannesburg. Mnyamata wogulitsa anandifunsa kuti, "Ali pa silabasi?" Nditati ayi, anangoloza shelefu ya mabuku okonzekera mayeso n'kubwerera pa foni yake. Ndinatuluka ndi kalendala.

Aphunzitsi Opuma: Bala lake ndi limenelo. Buku la Chichewa limasindikizidwa likakhala pa silabasi, likachoka basi lafa. Kale a Popular Publications ku Limbe, omwe ankatulutsanso magazini ya Moni, ndi a Dzuka, ankatulutsa nkhani zoti munthu angowerenga pofuna kusangalala. Ine anga ndinawasunga m'thilanki yachitsulo pansi pa bedi. Chaka china mvula itachuluka ndinatsegula, n'kupeza chiswe chalowera pa kabowo ka dzimbiri ka pansi. Chinadya mwaulemu ndithu, kuyambira m'mphepete kulowa m'kati, moti Nthondo wanga anatsala ngati chitumbuwa cholumidwa mbali zonse. Mizere ya pakati ikuwerengeka, koma mawu oyamba ndi omaliza a mzere uliwonse ndimachita kulota. Ndinakhala pansi pa simenti ndi mabukuwo pamiyendo, mayi a kunyumba n'kumandifunsa ngati kwabwera uthenga wa maliro. Otsalawo tsopano ali m'mapepala a pulasitiki, ndipo ndimawayanika padzuwa mwezi wa Okutobala ngati chimanga.

Mlakatuli Wosatchuka: Yesani ku National Library ku Lilongwe ndi nthambi zake, ena mwa akalewa amapezeka, ngakhale otopa. Komanso anyamata oyala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu ku Limbe ndi ku Old Town. Osafunsa mutu, sadziwa. Khalani pansi mufukule nokha mulu wonse. Ine Ntchito za Pakamwa ndinalipeza pansi pa mabuku a zaulimi, mtengo wake wosafika ndi wa chipisi. Ku Zomba a Kachere ali ndi mabuku ambiri a za chikhalidwe ndi chipembedzo. Kumeneko n'kumene kunachokera buku la malemu J.C. Chakanza la miyambi 2000 ya Chinyanja. Limenelo likhale patebulo panu limodzi ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies uja anatuluka mu 2000, wofotokoza mawu a Chichewa m'Chichewa chomwe.

Wa pa Ndirande: Akuluakulu, mabuku ndavomera, koma ine ndinene zoona, sindine wowerenga kwenikweni. Chichewa changa ndinachiphunzira m'nyimbo. Achemwali, pezani Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band. Bambo wosaona wa ku Thyolo, banjo yake, ng'oma zopanga okha, basi. Mverani Lameki, mverani Ana Osiidwa. Munthu uja ankatha kuika mudzi wonse m'mizere inayi, n'kumaibwereza mpaka ikulowe m'mafupa. Anamwalira mu 1995 ali wosauka, koma mpaka lero nyimbo yake ikalira pa bawo anthu amasiya kusewera. Mukachoka apo pitani ku Chileka kwa a Kachamba, Daniel ndi mng'ono wake Donald. Daniel ankaimba gitala ngati pali anthu atatu pamene ali yekha. Ndiye pali Robert Fumulani ndi Likhubula River, Michael Yekha, Stonard Lungu. Zambiri zili pa YouTube, anthu anazichotsa m'makaseti, phokoso la tepi lili momwemo, koma ine phokosolo ndimalikonda.

Ine ndimajambula zikwangwani, za masaluni ndi magolosale zija. Ndikakhala ndi khoma loyera kutsogolo kwanga mutu uli gwa, ndimaika Namoko m'makutu, dzanja limayamba lokha.

Wa ku Joni: Chileka yomweyo musaiwale Evison Matafale. Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Anapita mu 2001 akadali mnyamata, koma gulu lake la Black Missionaries, ma Blacks, linapitiriza. Kuno tikakumana Amalawi Lamlungu, nyama ili pamoto, ikangolira nyimbo ya Matafale anthu amayamba kuimbira foni kumudzi. Ndi Soldier Lucius Banda, Mulungu awuse mzimu wake, watisiya mu 2024. Iye ndi mkulu wake Paul Banda ku Balaka anatiphunzitsa kuti nkhani ya ndale ndi ya umphawi ungainene m'Chichewa chosavuta, agogo n'kumva, mwana n'kumva.

Wa pa Ndirande: Pa mawu okha, Phungu Joseph Nkasa. Mukhoza kusagwirizana naye pa zina, koma kuluka mawu munthu uja ndi mmisiri.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo tagwirizana. Oimba akale ankayamba ndi mawu, nyimbo n'kutsatira. Ana a lerowa amayamba ndi phokoso la pa kompyuta, kenako n'kufunafuna mawu oti atsekere mabowo, theka Chingerezi theka Chichewa, osadziwika kuti akulira kapena akuseka.

Kamnyamata ka Poly: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, apa ndiye ndikana. Inu mukufuna achemwaliwa alembe ngati 1965. Nanga Nasimelo wawoyo ngati amakhala ku Area 25, amakwera kabaza, amatumiza ndalama pa foni, ayankhule ngati agogo a ku Nkhoma? Chichewa cha m'tauni nachonso ndi Chichewa. Mawu ngati kutokota, kuphwetsa, shasha, dolo, mwana wa adadi, sanachokere m'buku la Gwengwe koma ali ndi moyo, anapangidwa ndi anthu omwewa. Oimba achinyamata ena amalemba bwino kwambiri, kungoti simuwapatsa khutu. Ndipo ndani anadzutsa agogo a Giddes Chalamanda? Si Namadingo mu 2020, atakhala nawo pansi n'kuimba limodzi? Nyimbo ya agogowo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok, anthu a mayiko osadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti akuvina. Achinyamata omwe mukuwanenawa ndi amene anachita zimenezo.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, wandigwira pakamwa, ndipo sindikwiya. Sindikuti Nasimelo asakwere kabaza. Mawu obwereka si vuto, ngakhale sukulu, buku ndi tebulo tinabwereka. Chimene ndikudana nacho ndi kubwereka msana wa chiganizo. "Ndakwera kabaza" ndi Chichewa chenicheni. "Msonkhano utenga malo" si Chichewa, ngakhale mulibe liwu lachilendo ndi limodzi lomwe. Kondakitala wa minibasi amayankhula Chichewa chabwino kuposa anthu ambiri owerenga nkhani, chifukwa iye saganiza kaye m'Chingerezi. Koma za phokoso la pa kompyuta zokhazo sindibweza.

Kamnyamata ka Poly: Kkkk ndikutumizirani nyimbo zitatu kumbali, mukamvere kaye. Mukapanda kugwedeza mutu ndikugulirani fanta.

Mnyamata wa ku Chipata: Muli bwanji abale a ku Malawi. Ine ndine wa kuno ku Zambia, ndimangowerenga mwakacetecete, koma lero ndalephera kupirira. Mukhululuke kalembedwe, kuno timalemba c pamene inu mulemba ch. Kwa ife mphunzitsi wamkulu wa kufotokoza nkhani anali pa wailesi: Julius Chongo, pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Atate anga amanena kuti ikayandikira nthawi yake, mudzi wonse unkasonkhana pa nyumba imene inali ndi wailesi, ndipo mwini wake ankasunga mabatire sabata yonse cifukwa ca iyeyo. Munthu mmodzi, koma mawu a mfumu, a nkhalamba, a kamwana, a fisi, onse ankatuluka pakamwa pamodzi. Ndipo mphamvu yake inali pa timawu tija ta mvekero. Sanganene kuti munthu anafika mwadzidzidzi, iye angoti balamanthu! Ernst Wendland anazilemba nkhani zakezo n'kuzisanthula m'buku. Acemwali, ngati mufuna mankhwala a ciganizo canu cija, ndi amenewo: mvekero. Cingerezi cilibe zida zimenezi, ndiye mukaziika, fungo lake limathawa lokha.

Mlakatuli Wosatchuka: Achimwene a ku Chipata mwalasa. Zii, mbuu, psuu, bii, tsonga, zyoli, ndundundu, pululu. Munthu "anakhala chete" ndi munthu "anangoti zyoli" ndi anthu awiri osiyana. Wachiwiriyo wagwidwa ndi mlandu.

Mayi a Tadala: Za wailesi mwandikumbutsa Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC. Ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi. Anthu aja ankangoyankhulana ngati akukangana pa msika, koma nthawi yoponyera liwu ankaidziwa. Amene akufuna kulemba anthu akuyankhulana awamvere amenewo. Ndipo musaseke, Nkhani za m'Maboma. Nkhani yonse ya mfiti yogwa pa lichero, chiyambi, pakati ndi mathero, m'ziganizo zisanu.

Ine kuno ku Leeds vuto langa ndi lina. Ana anga Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Chimene ndapeza chothandiza ndi Baibulo, osati pa zopemphera zokha. Ndili ndi Buku Lopatulika lakale lija la 1922 ndi Buku Loyera la 1998. Ndimatsegula nkhani imodzi, monga ya Rute kapena ya mwana wolowerera, n'kuwerenga m'mabuku onse awiri. Lakale limalemera, lili ndi ulemu wake, koma pena umamva kuti omasulira ankatsatira chilankhulo china phazi ndi phazi. Latsopanoli limayenda ngati munthu akukufotokozera pakhonde. Achemwali a Nabanda, yesani zimenezo madzulo amodzi, muona ndi maso anu kusiyana kwa kumasulira mawu ndi kunena nkhani. Tinaoneranso filimu ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ija inatuluka mu 2019. Ana anadabwa kumva Chichewa pa Netflix. Wamng'ono anafunsa kuti, "Amayi, anthu awa akudziwa bwanji chilankhulo cha m'nyumba mwathu?" Ndinaseka, kenako ndinakalowa kubafa kukalira pang'ono.

Wa ku Joni: Mayi a Tadala mwandikhudza. Kuno n'chimodzimodzi.

Mlakatuli Wosatchuka: Ndiponyepo za ndakatulo, poti ndiye munda wanga ngakhale sindikolola. Benedicto Wokomaatani Malunga, Kuimba kwa Mlakatuli ndi Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti. Koma bamboyu musangomuwerenga, mupeze pamene akulakatula yekha, chifukwa theka la ndakatulo zake lili m'mawu ake. Robert Chiwamba ndi wa mbali ina, amatenga zinthu zimene tonse timaziona, pamaliro, pa mpira wa Flames, n'kuzinena mpaka useke uku zikukuwawa. Za m'Chingerezi sindikuzitaya ayi. Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, 1981. Munthu analemba m'Chingerezi koma kuzemba kwake ndi kwa kwathu, kunena mfumu osaitchula, monga amachitira amayi pamtondo akamaimba nyimbo yodandaula za apongozi apongoziwo ali pomwepo. Boma la nthawi imeneyo linamva ndithu, anakakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Steve Chimombo naye anatenga Napolo wa m'phiri la Zomba n'kumusandutsa ndakatulo. Awiriwa amandiphunzitsa kuti ngakhale utabwereka chilankhulo, nkhokwe yotapamo ikhale yako.

Koma kunena zoona, zambiri zimene ndimalemba sindizitola m'mabuku. Ndili ndi kakope kakang'ono kokwana m'thumba la malaya. Malo anga atatu: pamaliro, pabwalo la mfumu, ndi m'minibasi. Pamaliro mverani woyankhula m'malo mwa banja mmene amazungulira asanatchule chimene chapha munthu. Mverani adzukulu kumanda nthabwala zawo, anthu okhawo amene amaloledwa kuseka tsiku limenelo. Pabwalo, mwezi wathawu ndinamva nkhalamba ina ikuweruza mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni. Mwini mbuzi analankhula mphindi makumi awiri kudziteteza. Nkhalambayo inangofunsa kuti, "Kodi mbuzi yanuyi chingwe inadya liti, isanadye chimanga kapena itadya?" Bwalo lonse gwedegwede ndi phwete, mlandu n'kuthera pomwepo. Funso ngati limenelo sungalipeke uli pa desiki.

Nabanda wa ku 25: Ndiye mumatulutsa kope pamaliro pomwepo?

Mlakatuli Wosatchuka: Ayi achemwali, angakuyeseni kazitape kapena wokhwima kkkk. Ndimasunga m'mutu, n'kukalemba kuseri kwa nyumba ngati ndikukataya madzi.

Kamnyamata ka Poly: Amene amakonda zakale kwenikweni, Hugh Tracey anayenda muno m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ojambulira mawu, anajambula nyimbo za pamtondo, za bangwe, za magule osiyanasiyana. Zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, ndipo zina zimapezeka pa intaneti. Ine ndimadulamo tizidutswa n'kumaika m'mabiti anga. Aphunzitsi, phokoso la pa kompyuta lija nthawi zina mumakhala agogo anu momwemo. Mverani Madalitso Band, anyamata awiri ndi babatoni ya chingwe chimodzi, anayambira m'misewu ya Lilongwe lero akuzungulira ku Ulaya. Ndi Zomba Prison Project, akaidi a ku Zomba amene chimbale chawo chinafika pa mndandanda wa Grammy mu 2016.

Mayi a Tadala: Wina atchuleko Wambali Mkandawire chonde, ngakhale zambiri ankaimba m'Chitumbuka. Zani Muwone ndimaika ndikafuna mtima ukhale pansi.

Wa pa Ndirande: Kwa ife a zojambula, malo ndi ku Mua, ku Kungoni, kumene bambo Claude Boucher anasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Ndinapitako kamodzi ndi galimoto ya mpingo. Chipinda chija ukalowa, nkhope zonse zija zikukuyang'ana kuchokera m'mwamba, thupi limachita tsemwe. Chigoba chilichonse chili ndi khalidwe la munthu amene chikumudzudzula, wina waulesi, wina wachiwerewere, wina wodzikuza. Wolemba nkhani amene akusowa anthu oika m'nkhani yake apite kumeneko, akabwerako ndi mudzi wathunthu. Ndinabwerako ndi mitundu ya penti m'mutu imene sindinkaiganizira, kufiira kuja kwa Simoni mpaka ndinakupaka pa saluni ina ku Chirimba.

Aphunzitsi Opuma: Chenjezo limodzi, mwana wanga Nabanda, poti anthu akupatsani katundu wambiri. Mukagula buku la a Chakanza musayambe kuthira mwambi m'ndime iliyonse. Ndinkachonga mayeso zaka zambiri, ndipo chimangirizo chotopetsa kwambiri chinali cha mwana amene waloweza miyambi khumi n'kuikhuthulira yonse pa tsamba limodzi. Mwambi ndi mchere, ndiwo zikachuluka mchere zimapita kwa galu. Munthu wamkulu kumudzi amatha tsiku lonse osanena mwambi, n'kudzaponya umodzi madzulo pamene pafunikira. Chinanso, sankhani kalembedwe kamodzi. Ngati mukulemba ŵ wa kadenga, lembani paliponse pamene akufunika. Ngati mwamusiya, musiyeni yense.

Mnyamata wa ku Chipata: Nkhani ya kadenga musaiyambe aphunzitsi, tigona pano.

Woyang'anira Gulu: Zoona, ya kadenga inatithera masiku atatu chaka chatha, anthu awiri mpaka anatuluka pagulu. Isabwerenso.

Nabanda wa ku 25: Ndabweranso, abale. Pepani ndinangoti zii kuyambira Lachisanu. Loweruka ndinakwera basi kupita kwa agogo anga ku Mitundu, foni yodzaza moto, cholinga ndikawajambule akunena nthano. Ndinafika cha m'ma 10 m'mawa n'kuwapempha. Anandikanira, amvekere nthano sanena dzuwa lili pamutu, kodi amako sanakuuze? Ndiye ndinakhala tsiku lonse ndikuwathandiza kusola mtedza, foni ili m'chikwama. Koma abale, zimene ndinamva tsiku limenelo! Anandifotokozera za mkazi wina wa m'mudzimo amene mwamuna wake anapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo osatumiza ngakhale sopo. Sananene kuti mkaziyo akuvutika. Anati, "Denga lake ukagona umawerenga nyenyezi." Ndinasiya mtedza n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe kukalemba, monga anandiphunzitsira a Mlakatuli.

Usiku ndiye anayamba. "Padangokhala." Ife ndi tiana ta achimwene anga, "Tili tonse." Ndinali nditaiwala kuti nthano imakhala ndi nyimbo pakati, ndipo kuti womvera ali ndi ntchito yovomera, ukangokhala duu agogo amaima n'kufunsa ngati wagona. Ndajambula zitatu, ya kalulu ndi njovu, ya mtsikana wokana amuna, ndi ina ya mbalame imene sindinaimvepo. Foni inathima pakati pa yachinayi.

Ndime ija ndailembanso: "Ankhoswe atachoka, Nasimelo anakhalabe pa mkeka pomwepo. Tiyi amene anawapangira anachita kuzizira m'makapu, ntchentche n'kumagweramo. Amayi ake anamuitana kawiri kuchokera kukhitchini, kachitatu anangobwera n'kudzachotsa makapuwo."

Wa pa Ndirande: Eee achemwali! Ameneyu ndiye Nasimelo, ndamuona ndi maso.

Mayi a Tadala: Makapu aja andipweteka. Chonde nthanozo mutiponyereko pano, ndikawamveretse ana.

Aphunzitsi Opuma: Tsopano mwayamba kulemba. Kamodzi kokha: tiyi sitipanga, timaphika kapena kuwiritsa, ndipo alendo timawathirira. "Tiyi amene anawathirira." Kupanga tiyi ndi kwa aja a ukwati wotenga malo. Gwengwe wanga anapulumuka ku chiswe, ndikubwerekani, koma mudzasaine m'kope langa ndipo abwere pasanathe mwezi. Mdzukulu wanga akubwera ku Lilongwe Lachinayi, adzakhala pa depoti cha m'ma 2 masana.

Nabanda wa ku 25: Ndakonza kale, aphunzitsi. Lachinayi ndipempha kutuluka msanga kuntchito. Nambala ya mdzukulu wanuyo munditumizire kumbali.

Kamnyamata ka Poly: Aphunzitsi, nanga nyimbo zitatu zija mwamvera?

Aphunzitsi Opuma: Ndamvera. Yachiwiriyo siyoipa. Fanta usagule.